Mutu 9: Khanda Lopepuka pa Sikelo

Mwana akangobadwa, dzina lisanaganiziridwe n'komwe, amayamba wapatsidwa nambala. Mzamba amamupukuta, kumugoneka pachifuwa pa mayi ake, ndipo pakapita kanthawi amamuika pa sikelo n'kulemba kulemera kwake pa khadi. Ntchito imeneyi imachitika usana ndi usiku pachipatala chachikulu cha Livingstone komanso m'zipatala zing'onozing'ono za m'makomboni a mzindawu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire pa magalamu 2,500. Mwana wosafika pamenepo amawerengedwa kuti wabadwa wochepa sikelo. Wosafika magalamu 1,500 ndi wochepa kwambiri, ndipo wosafika 1,000 ali pangozi yaikulu koposa. M'chaka cha 2020 ana pafupifupi 20 miliyoni anabadwa otere padziko lapansi, ndiye kuti mmodzi mwa ana 7 alionse, ndipo mwa makanda onse amene amamwalira mwezi woyamba usanathe, ochuluka zedi amachokera m'gulu limeneli. Ku Zambia, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti makanda 27 mwa 1,000 obadwa amoyo sankatha mwezi umodzi. Mfundo ya mutu uno ndi yakuti nambala ya pa sikelo ija si chigamulo cha imfa, komanso si mlandu wa mayi. Chimene chimaikweza mwana asanabadwe, ndi chimene chimapulumutsa mwanayo atabadwa, kwakukulukulu ndi manja a anthu ndi nthawi yawo: namwino, mzamba, mayi ndi abale. Makina ali ndi malo ake, koma amabwera pambuyo pa anthu.

Ana awiri akhoza kulemera chimodzimodzi, tinene magalamu 1,900, koma atadzera njira zosiyana. Woyamba wabadwa masiku asanakwane, mimba isanafike masabata 37. Iye ankakula bwinobwino, kungoti wafulumira kutuluka, choncho mapapo ake, khungu lake ndi ubongo wake sizinamalize kukhwima. Wachiwiri wakwanitsa miyezi yake yonse, koma m'chiberekero sankalandira chakudya ndi mpweya wokwanira kudzera mu nsengwa, ndipo wabadwa wowonda, wakhungu lamakwinya, mutu ukuoneka waukulu poyerekeza ndi thupi. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa namwino chifukwa ngozi zake n'zosiyana. Wobadwa msanga amavutika kupuma, amaiwala kupuma kwa kanthawi, ndipo sadziwa kugwirizanitsa kuyamwa, kumeza ndi kupuma, luso limene limakhazikika mimba ikafika masabata pafupifupi 34. Wokwana masiku koma wonyentchera nthawi zambiri amayamwa mwamphamvu, koma alibe nkhokwe ya shuga ndi mafuta m'thupi, motero shuga wake amatsika msanga maola oyambirira. Alipo enanso amene mavuto onse awiri awagwera pamodzi, ndipo amenewo ndi amene amafuna diso lakuthwa kuposa onse.

Zoyambitsa zake zimayambira kutali, mimba isanakhale n'komwe. Mtsikana wa zaka 15 kapena 16 thupi lake likadali kukula, ndiye akatenga pakati iye ndi mwana wake amalimbirana chakudya chimodzi. Nkhaniyi ku Southern Province, chigawo chimene muli Livingstone, si yapatali. Kafukufuku wa 2018 uja anasonyeza kuti m'dziko lonse la Zambia atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, koma m'chigawochi chiwerengero chinaposa 40 mwa 100, pamene m'chigawo cha Lusaka chinali pafupifupi 15. Kumapeto kwa 2023 Zambia inasintha lamulo la ukwati kuti pasakhale wokwatiwa kapena wokwatira asanakwanitse zaka 18, ngakhale mu ukwati wa mwambo. Amene amaona lamulo lotere ngati nkhani ya sukulu yokha sanaone mbali yake ina: chaka chilichonse chimene mtsikana wachedwa kutenga mimba yoyamba chimathandiza mwana amene adzabadwe. Chimodzimodzinso kubereka mothithikana. Mayi akaima zaka ziwiri zisanathe chibadwire mwana wina, magazi ndi mphamvu zake zimakhala zisanabwerere, ndipo wobwera pambuyoyo amapeza nkhokwe ili yopanda kanthu. Pa chifukwa chimenechi, namwino wa kulera amakhala akusamalira makanda ngakhale sanawagwire m'manja.

Chachiwiri ndi chakudya ndi magazi a mayi. Njala ya ku Netherlands ya m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, inapereka umboni umene madokotala amaukumbukirabe: ana a amayi amene njalayo inawapeza m'miyezi yomaliza ya mimba anabadwa opepuka ndi magalamu pafupifupi 300 kuposa anzawo. Chigwa cha Zambezi chimaidziwa njala. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali ngozi yogwera dziko lonse, ndipo chigawo cha kummwera chinali pakati pa madera amene chimanga chinaumira m'munda. Chakudya chikachepa pakhomo, kawirikawiri mayi ndi amene amadya pomalizira. Pano pamamveka mawu otsutsa amene sayenera kunyozedwa. Akuluakulu ena amalangiza woyembekezera kuti asamadye kwambiri, makamaka mazira, poopa kuti mwana akakula adzavuta potuluka. Mantha amenewa ali ndi chiyambi chomveka, pakuti kale, kopanda opareshoni, mwana wokanirira panjira ankapha mayi. Koma chimene chimatsekereza mwana nthawi zambiri ndi kuchepa kwa chiuno cha mayi amene iye mwini anakula monyentchera kapena waima akadali wamng'ono, komanso kagonedwe ka mwanayo m'mimba. Kumana mayi mazira, nyemba, nsinjiro, kapenta ndi masamba sikutambasula chiuno chake. Kumangomuchepetsa magazi, ndipo mayi wochepa magazi sapirira akataya magazi pochira. Yankho la mantha aja ndi kuchirira kuchipatala kumene kuli opareshoni, osati kuchepetsa mbale.

Matenda nawonso amadula magalamu. Tizilombo ta malungo timaunjikana mu nsengwa n'kutchinga njira ya chakudya, ngakhale mayiyo asakumva kutentha thupi. Kafukufuku amene anachitika ku Mangochi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anathandiza kuonetsa zimenezi poyera, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko yomwetsa amayi oyembekezera Fansidar ku sikelo, njira imene Zambia ndi mayiko ena anaitsatira. Wina anganene kuti ku Livingstone malungo anachepa poyerekeza ndi ku Luapula, ndipo akunena zoona. Koma uwu ndi mzinda wa pamphambano, wa sitima, wa mabasi ndi wa malole odutsa pa mlatho wa Victoria Falls ndi wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Anthu amayenda, ndipo mayi wokulira kumene malungo ndi ochepa ndi amene amadwala kwambiri akawatola kwina. Kuyenda komweko n'kumene kumafalitsa chindoko ndi kachilombo ka HIV. Chindoko chimachititsa mimba kupita padera, mwana kufera m'mimba kapena kubadwa msanga, pamene jakisoni wa penicillin woperekedwa nthawi yabwino amateteza mwanayo, bola bambo nawonso alandire mankhwala. Onjezanipo matenda a m'chikhodzodzo, kuthamanga kwa magazi kumene kumafinya mitsempha ya nsengwa, fodya, mowa, utsi wa makala ndi nkhuni m'nyumba yotseka, ntchito yakalavulagaga mpaka mwezi wotsiriza, nkhanza za m'banja, ndi mimba ya mapasa. Pamndandanda wonsewu, zambiri ndi zoti zikhoza kupezeka ndi kuchizidwa kapena kuchepetsedwa.

Apa ndi pamene sikelo ya amayi imaonetsera phindu lake. M'mera mpoyamba: mayi amene wayamba sikelo miyezi itatu isanathe amapatsa namwino mpata woyeza magazi, kupeza chindoko ndi HIV nthawi ikadalipo, kuyamba mapiritsi owonjezera magazi, kupereka neti, ndi kudziwa bwino msinkhu wa mimbayo. Kuyambira mu 2016, WHO imalangiza kuti woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, osati kanayi monga kale, makamaka chifukwa kuthamanga kwa magazi ndi kusakula kwa mwana kumaonekera kwambiri m'miyezi yomaliza. Komabe pali chotsutsa champhamvu: amayi ambiri amene amachira masiku asanakwane amakhala kuti anachita zonse zimene anauzidwa, ndipo madokotala sapeza chifukwa. Izi n'zoona, ndipo mu 2012 mayiko atagwirizana zochepetsa chiwerengero cha ana ochepa sikelo ndi 30 mwa 100 pofika 2025, dziko lapansi linayenda pang'ono chabe. Koma mfundo imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, tileke kufunsa mayi kuti analakwa chiyani, kapena kufunafuna amene wamuchita chipongwe m'mudzi. Chachiwiri, popeza makanda otere adzabadwabe, tiyenera kukonzekera kuwalandira. Mayi wa ku Kazungula kapena ku Zimba amene ali ndi mapasa kapena magazi othamanga ayenera kudikirira pafupi ndi chipatala, kumene akayamba matenda msanga angabayidwe jakisoni wa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana.

Mdani woyamba wa khanda lochepa ndi kuzizira. Limatuluka lili lonyowa, khungu lake ndi lopyapyala, mafuta ndi ochepa, ndipo silitha kunjenjemera kuti lidzitenthetse. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika, khandalo limawotcha shuga wake wochepa uja, kupuma kumavuta, ndipo matenda amalowa mosavuta. Alendo odzaona Mosi-oa-Tunya amaidziwa Livingstone ngati dziko lotentha, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35, koma usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10. Ngakhale m'chilimwe, chipinda chimene wamkulu akutuluka thukuta chikhoza kukhala chozizira kwa mwana wa magalamu 1,500. N'chifukwa chake mzamba wodziwa ntchito amatseka mawindo, kupukuta mwana mwachangu, kutaya nsalu yonyowa, kumuveka chipewa, ndi kuletsa kumusambitsa kwa maola osachepera 24, ndipo kwa wochepa kwambiri masiku angapo. Ofufuza pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka anasonyeza mu 2013 kuti kulowetsa thupi la khanda lochepa m'thumba la pulasitiki loyera, mutu uli kunja, atangobadwa, kumathandiza kusunga kutentha kwake. Chida chake n'chotsika mtengo, koma chimagwira ntchito pokhapokha pali munthu wophunzitsidwa amene ali pomwepo mphindi zoyambirirazo.

Njira yaikulu yothetsera kuzizira inatulukira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978. Dokotala Edgar Rey Sanabria, poona kuti makina otenthetsera makanda anali ochepa ndipo ana ankagonekedwa angapo m'makina amodzi n'kumapatsirana matenda, anayamba kumangirira makandawo pachifuwa pa amayi awo, khungu kukhudza khungu, atavala thewera ndi chipewa basi. Njirayi, yotchedwa ya kangaroo, inafika ku Malawi pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo lero ndi mbali ya chisamaliro cha makanda ku Zambia. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti mwana ayambe walimba m'makina, kenako apite pachifuwa. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, wochitikira ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, anasintha maganizo amenewa. Makanda oposa 3,000 olemera pakati pa magalamu 1,000 ndi 1,799 anagawidwa pawiri, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali chimodzi mwa malo ake. Mwa amene anadikira kulimba, pafupifupi 16 mwa 100 anamwalira m'masiku 28. Mwa amene anaikidwa pachifuwa nthawi yomweyo, anamwalira 12. Mu Novembala 2022 WHO inalangiza kuti kangaroo iziyamba mwana akangobadwa, kupatula wodwala mwakayakaya, ndipo izichitika maola 8 mpaka 24 pa tsiku.

Pali ena, ngakhale pakati pa ophunzira, amene amati kangaroo ndi chithandizo cha amphawi, njira yotitonthozera ife amene tilibe ndalama zogulira makina. Umboni ukukana zimenezo. Zipatala za ku Sweden, zimene sizisowa makina, zimagwiritsa ntchito njira yomweyi chifukwa chifuwa cha mayi chimachita zimene makina sangathe: chimakhazikitsa mtima ndi mpweya wa mwana, chimatsitsa mkaka, ndipo chimamutalikitsa ku tizilombo ta m'wodi. Chifuwa sichidaliranso magetsi, ndipo aliyense amene anaona kuzimazima kwa magetsi mu 2024, madzi atatsika m'nyanja ya Kariba, akudziwa kulemera kwa mfundo imeneyi. Koma tisapitirire malire n'kunena kuti makina ndi osafunika. Khanda limene mapapo ake sanakhwime limafuna chithandizo cha mpweya. Makina a CPAP otchedwa Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America ndi madokotala a ku Blantyre, anakweza chiwerengero cha opulumuka kuchoka pa 44 kufika pa 71 mwa 100 pa kafukufuku woyamba. Komabe makinawo safuna kusiyidwa okha. Timachubu ta m'mphuno timatsekeka, timasuntha, timasupula khungu, ndipo okosijeni wopyola muyezo amawononga maso a mwana wobadwa msanga. Makina opanda namwino pambali pake akhoza kupweteka mwana amene amayenera kumupulumutsa.

Kudyetsa ndi ntchito ina yofuna kuleza mtima. Mkaka wa m'mawere, kuyambira uja woyamba wachikasu umene ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa, umateteza matumbo a khanda ku matenda oopsa otupitsa mimba amene amakonda kugwira ana omwetsedwa mkaka wa m'chitini. Mwana amene satha kuyamwa amamwetsedwa mkaka wofinya ndi kakapu, ndipo wofooka kwambiri amaulandira kudzera m'kachubu kolowera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'mimba, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Namwino amawerengera mlingo wake malinga ndi kulemera kwa mwana, amaphunzitsa mayi kufinya bere, ndipo amayeza mwanayo tsiku lililonse. Sabata yoyamba ikadutsa, kukwera kwa magalamu pafupifupi 15 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku ndi chizindikiro chabwino. Pamwamba pa izo pali kusamba m'manja asanagwire mwana aliyense, kusunga mchombo waukhondo popanda kupakapo phulusa, mafuta kapena zitsamba, kuyang'ana chikasu chimene chimafuna kuunikidwa ndi nyale zapadera chisanawononge ubongo, ndi kuzindikira mwana amene wasiya kupuma kapena wangoti lefu. Khanda lotere silidandaula mokweza. Matenda a m'magazi akhoza kuonekera pa kukana bere kokha kapena kuzizira kwa mapazi, ndipo maola ochepa ndi amene amalekanitsa kuchira ndi maliro.

Chotsutsa chomaliza ndi cholemera kuposa zonse, ndipo sichiyenera kuyankhidwa mopepuka. Kodi sitikungosenzetsa mayi wotopa, mwina wosokedwa pambuyo pa opareshoni, ntchito imene boma limayenera kulembera anamwino? Mayi amene amagulitsa ndiwo pamsika wa Maramba, kapena amene wasiya ana ena ku Dambwa kapena kumudzi kwa Mukuni, akakhala m'chipatala masabata atatu ndani adyetse banja? Funsoli ndi lolungama, ndipo likuonetsa pamene ndalama ziyenera kupita. Kangaroo si yaulere. Imafuna bedi la mayi pambali pa mwana, chakudya, madzi, bafa ndi chimbudzi chapafupi, nsalu zomangira, ndiponso anamwino okwanira usiku. Mayi sangalowe m'malo mwa namwino. Amawonjezera maso ndi manja pamene namwino akupereka nzeru ndi chigamulo. Livingstone ili ndi sukulu ya anamwino ndi azamba komanso sukulu ya udokotala ya yunivesite ya Mulungushi, koma kuphunzitsa anthu n'kosiyana ndi kuwalemba ntchito ndi kuwasiya m'wodi ya makanda nthawi yokwanira kuti luso lawo likhwime. Kumbali ya banja, chifuwa cha bambo, cha agogo kapena cha azakhali chimatenthetsa mofanana ndi cha mayi. Bambo amene amati wodi ya amayi si malo a amuna aganizire kuti maola atatu amene angafungatire mwana wake ndi maola atatu a tulo kwa mkazi wake, ndipo tulo timeneto timathandiza mkaka kutuluka.

Kutuluka m'chipatala si kutha kwa ngozi. Mwana amaloledwa kupita kunyumba akamadya bwino, kukwera sikelo ndi kusunga kutentha, nthawi zambiri asanafike magalamu 2,500, choncho kangaroo iyenera kupitirira pakhomo mpaka mwanayo atayamba kuikana yekha. Mwambo wa chikuta, wosunga khanda m'nyumba kutali ndi khamu la odzaona, uli ndi nzeru yoteteza ku chifuwa ndi chimfine, bola usatchinge ulendo wobwerera kuchipatala. Banja lidziwe zizindikiro zothamangira nazo kwa namwino tsiku lomwelo: kukana kuyamwa, kupuma mothamanga kapena mobanika, kuzizira kapena kutentha thupi, kukomoka, chikasu chofika m'manja ndi kumapazi, ndi mchombo wofiira kapena wotuluka mafinya. Katemera asachedwe, ndipo maso, makutu ndi kakulidwe ziziyang'anidwa. David Barker wa ku England anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti anthu obadwa opepuka amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima akakula, ndipo kafukufuku wotsatira anawonjezerapo shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chiopsezo si chiweruzo. Ochuluka mwa ana amenewa amakula, kuphunzira ndi kugwira ntchito ngati wina aliyense. Koma mtsikana wobadwa wochepa n'kukula monyentchera akhoza kudzaberekanso mwana wochepa, ndipo unyolo umenewu ungadulidwe m'badwo uno.

Zimene tiyenera kupempha kwa atsogoleri ndi kwa ife eni n'zodziwika tsopano. Atsikana akhale pasukulu mpaka matupi awo akhwime. Woyembekezera adye poyamba, makamaka chaka cha chilala, ndipo akafika ku sikelo apeze zoyezera ndi mankhwala zilipo. Mwana aliyense ayezedwe kulemera tsiku lobadwa, ngakhale wobadwira panjira kapena pakhomo, chifukwa wosayezedwa palibe amene amadziwa kuti ali pangozi. Wodi ya makanda imangidwe moganizira kuti mayi adzagona momwemo, ndipo ndalama zikamagawidwa, malipiro a namwino wa usiku alemekezedwe mofanana ndi mtengo wa makina atsopano. Pakhomo, kachitidwe kodikira kuti tione ngati kamwanako kakhale moyo tisanakawerenge ngati munthu kathe, pakuti kudikirako n'kumene kumakapha. Khanda la magalamu 1,500 ndi mwana wathunthu wa banja lake ndi wa dziko lake, ndipo nzeru zomusungira moyo tili nazo kale. Chatsala ndi kupereka anthu, malo ndi nthawi kuti nzeruzo zigwire ntchito.